MGODI WA MALASHA UMENE UNASANDUKA BWALO LA MASEWERO

Mgodi uli wonse uli ndi tsiku lace lomariza. Mwala umene uli pansi suphukanso monga cimanga, ndipo ukatha, kapena mtengo wace ukagwa, eni ace amazima makina ndi kutseka zipata. Anthu a ku Kabwe anaziona zimenezi m'caka ca 1994, pamene mgodi wao wa mtobvu unaleka nchito. Pa tsiku lotere munthu ali yense amadzifunsa kuti, nanga mzinda umene unamangidwa cifukwa ca mgodiwo udzakhala bwanji? Nkhani ino ifotokoza za mzinda wa Essen, m'dziko la Germany, kumene anthu anayesa kuutsa mzinda wao ndi nyimbo, masewero, magule ndi nchito zina za luso.

Dziko la Malasha

Essen ndi mzinda wa m'cigawo cochedwa Ruhr, kumadzulo kwa Germany. Mizinda ya kumeneko inacita kugundana, kotero kuti mlendo sadziwa pamene wina wathera ndi pamene unzace wayambira, ndipo yonse pamodzi ili ndi anthu oposa mamiliyoni 5. Cimene cinasonkhanitsa anthu onsewa ndi malasha ndi citsulo. Amuna anacokera kutari kudzafuna nchito, poyamba ku Poland, pambuyo pace ku Italy ndi ku Turkey. Ca m'ma 1956 anchito a m'migodi ya malasha ya ku Ruhr anali pafupi-fupi 500,000.

Mgodi womveka koposa mu Essen unali wa Zollverein. Anauyamba ndi Bambo Franz Haniel m'caka ca 1847, ndipo malasha oyamba anaturuka mu 1851. M'caka ca 1932 kampani inatsegula shafuti yatsopano, ya nambala 12, imene inali kukweza matani 12,000 a malasha pa tsiku limodzi. Amisiri awiri a mapulani, a Fritz Schupp ndi a Martin Kremmer, anamanga nyumba zace ndi njerwa zofiira zogwidwa ndi mizati yacitsulo, zonse pa mizere yoongoka, ndi nsanja ya shafuti yotalika mamita 55 pakati pace. Ngakhale malowo anali okongola cotero, anthu wamba sanali kuwaona, pakuti anali otsekedwa ndi linga, ndipo pa cipata panali alonda. Mu 1961 anaonjezapo fakitale ya ng'anjo zophikiramo malasha, kuti akhale oyenera kusungunulira citsulo.

Mabvuto anayamba m'caka ca 1958. Mafuta anachipa, ndipo malasha ocokera ku maiko ena anali kufika ndi mtengo wocepa kupambana a ku Ruhr, amene anali kukumbidwa pansi kwambiri. Migodi inayamba kutsekedwa umodzi-umodzi. Pa 23 December, 1986, kutatsala masiku awiri kuti Khrisimasi ifike, Zollverein anakweza malasha ace omariza. Unali mgodi wotsiriza mu Essen monse. Ng'anjo zija zinazima pa 30 June, 1993. Anchito ambiri anawasamutsira ku migodi ina, ena anawapumitsa ndi penshoni, koma ana ao amene anali kuyembekeza kulowa m'malo mwa atate ao anapeza cipata cotseka. Dera la Katernberg, kumene kunali nyumba za anchito, linayamba kuzirala.

Kupatsa Nkuika

Kuti munthu amvetse cimene cinacitika pambuyo pace, ayenera kubwerera ku caka ca 1946, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itangotha. Nyengo yacisanu ya caka cimeneco inali yoopsa, ndipo nyumba za masewero za mu mzinda wa Hamburg zinali pafupi kutsekedwa cifukwa cosowa malasha otenthetsera m'kati. Akuru-akuru a nyumbazo anatenga malole awiri napita ku Ruhr kukapempha. Anafika pa mgodi wa König Ludwig, ku Recklinghausen. Masiku amenewo malasha onse anali m'manja mwa asilikari a Britain amene anali kulamulira cigawoco, koma anchito a pa mgodipo anapakira malolewo mwakabisira, ndipo anacita zimenezi kangapo.

Akuru anati kupatsa nkuika. M'caka ca 1947 ocita masewero a ku Hamburg anabwera ku Recklinghausen kudzathokoza, ndipo anasewera pamaso pa anchito a m'migodi ndi mabanja ao. Pamenepo ndi pamene panayambira cikondwerero ca masewero cochedwa Ruhrfestspiele, cimene cimatsegulidwa pa 1 May caka ndi caka, ndipo eni ace ndi mzinda wa Recklinghausen pamodzi ndi bungwe lalikuru la anchito la m'Germany. Motero ku Ruhr munthu wa fosholo ndi munthu wa masewero anadziwana kale-kale, migodi isanathe.

Anakana Kugwetsa

Mwambo wace wa migodi yotsekedwa unali wakuti nyumba azigwetse, zitsulo azigulitse, malo awasalaze. Koma ku Zollverein Boma la cigawo ca North Rhine-Westphalia linalamula kuti nyumba za shafuti 12 zisungidwe monga cikumbutso, ndipo linagula malowo. Ena anadandaula kuti ndarama zikutayidwa pa zitsulo zadzimbiri pamene anthu alibe nchito. Fakitale ya ng'anjo ija inatsala pang'ono kugulitsidwa ku China, koma malondawo analephera, ndipo nayonso inapulumuka.

Kuyambira 1989 kufikira 1999 Boma linayendetsa nchito yaikuru yokonzanso mizinda ya m'mbali mwa mtsinje wa Emscher, yochedwa IBA Emscher Park, motsogozedwa ndi Bambo Karl Ganser. Ganizo lao linali lakuti migodi ndi mafakitale akale ndiwo mbiri ya anthu a kumeneko, monga momwe nyumba za mafumu ndi machalichi akuru-akuru ziliri kwa mizinda yina. Anati nyumba yotere isangosungidwa yotseka ai, koma ipatsidwe nchito yatsopano, kuti anthu azilowamo tsiku ndi tsiku.

Tsono nyumba za Zollverein zinasintha imodzi-imodzi. M'nyumba ya maboila, mmisiri wa ku Britain, a Norman Foster, anakonzamo malo oonetseramo katundu wopangidwa mwaluso, kuyambira mipando ndi ziwiya kufikira galimoto. Malowa anatsegulidwa mu 1997, ndipo maboila akale anawasiya momwemo pakati pa katundu watsopano. Nyumba imene anchito anali kusambiramo ndi kusinthiramo zobvala poturuka pansi inasanduka, m'caka ca 2002, malo a obvina ndi ocita masewero, ochedwa PACT Zollverein. M'nyumba yaikuru yotsukiramo malasha anaikamo Ruhr Museum, mosungiramo mbiri ya cigawo conse: nyale za pansi, zisoti, zithunzi-thunzi za mabanja, ndi katundu wa m'nyumba za anchito. Wofuna kulowamo amakwera makwerero oyenda okha, otalika mamita 58, amene amamtula pamwamba, ndipo amatsika m'nyumbamo potsata njira imene malasha anali kutsikira. Sukulu yaikuru ya luso ya Folkwang nayonso inabwera kudzaphunzitsira pa malo omwewo.

Ana a m'deralo sanaiwalidwe. Mu 2001 amisiri awiri a luso anatenga mabokosi awiri acitsulo onyamulira katundu pa zombo, nawaocherera pamodzi, nathiramo madzi, ndipo linakhala dziwe losambiramo pafupi ndi ng'anjo. M'nyengo yacisanu amakonza bwalo la madzi oundana lotalika mamita 150 m'mbali mwa ng'anjo zomwezo, zimene ziripo 304, ndipo anthu amatsetserekapo pa malo amene kale munthu sakadaima cifukwa ca moto. Ena mwa amene amayendetsa alendo ndi kuwafotokozera makina ndi anthu amene anagwirapo nchito ya mgodi. Pa 14 December, 2001, bungwe la UNESCO linalemba Zollverein m'buku la malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi.

Caka ca 2010

Maiko a ku Europe ali ndi mwambo wosankha mizinda yoti ikhale likuru la luso ndi cikhalidwe kwa caka cimodzi. Mu 2010 mwai umenewu unagwera Essen, m'malo mwa mizinda ndi midzi yonse 53 ya ku Ruhr, ndipo mwambo wotsegulira unacitikira pa Zollverein m'mwezi wa January. M'mwezi wa May anakweza m'mwamba mabaluni akuru acikasu 311, liri lonse pamwamba pa malo amene kale panali shafuti. Mashafuti ambiri anali atakwiriridwa, ndipo pamwamba pace panali masitolo kapena nyumba. Nkhalamba zinatenga adzukuru ao kukaima pansi pa mabaluniwo ndi kuwaonetsa pamene zinali kulowera pansi.

Pa 18 July anatseka mseu waukuru wa A40, kucokera ku Dortmund kufikira ku Duisburg, mtunda wa makilomita 60. Pa mseupo anandandika matebulo 20,000, ndipo mabanja, makwaya, magulu a mpira ndi anthu a mitundu yosiyana-siyana anabwera ndi zakudya, nyimbo ndi magule ao. Anthu pafupi-fupi mamiliyoni 3 anafika tsiku limenelo. Panalibe woimba wochuka wocokera kunja amene anthu anadzera. Eni mizindawo ndiwo anali oonetsa, ndipo ndiwonso anali oonerera.

Zimene Luso Linatha ndi Zimene Silinathe

Tsono nciani cimene Essen anapindula? Coyamba ndi dzina. Cigawo cimene anthu anali kucidziwa ndi utsi ndi mwaye cinayamba kulandira alendo, ndipo pa Zollverein pokha pamafika anthu oposa miliyoni imodzi pa caka. Alendowo amagona m'mahotela, amadya, amakwera mabasi, ndipo makampani ang'ono-ang'ono a zojambula ndi zamapulani anatsegula maofesi m'nyumba zakale za mgodi. Caciwiri ndi ulemu. Munthu amene nchito yace yatha amayamba kuganiza kuti zaka zace zonse zinapita cabe. Koma akaona nyale imene anali kunyamula itaikidwa m'galasi, ndi ana a sukulu alikufunsa za iyo, amadziwa kuti thukuta lace lalowa m'mbiri ya dziko.

Koma kunena zoona, luso silinabweze nchito zimene malasha anapita nazo. Mgodi wa Zollverein pa masiku ace abwino unali kulemba anthu zikwi zambiri, ndipo mnyamata wa mphamvu anali kupeza malo ngakhale sanapite patari ndi sukulu. Nchito za m'miziyamu ndi m'maofesi ndi zocepa, ndiponso zambiri zimafuna mapepala. Madera a kumpoto kwa Essen, kumene kuli Katernberg, ndi osaukabe poyerekeza ndi a kumwera, ndipo mzinda woyandikana nao wa Gelsenkirchen uli pakati pa mizinda ya m'Germany imene ili ndi anthu ambiri osowa nchito. Ndiponso kusunga nyumba zacitsulo zotere kumadya ndarama zambiri caka ndi caka, ndipo gawo lalikuru limacokera ku Boma.

Mutu umodzi susenza denga. Luso linayenda pamodzi ndi zinthu zina. Mu 1965 ku Bochum kunatsegulidwa yunivesite ya ku Ruhr, ndipo ana a anchito a m'migodi anayamba kuphunzira pafupi ndi kwao. Mtsinje wa Emscher, umene kwa zaka zoposa 100 unali ngalande ya zonyansa, anaukonza kuyambira 1992, ndipo pakutha pa 2021 zonyansazo zinaleka kuthiramo. Zonsezi zinatenga zaka makumi atatu ndi mphambu, ndipo atsogoleri amene anaziyamba si onse amene anaona kutha kwace.

Pa 21 December, 2018, mgodi wa Prosper-Haniel ku Bottrop, umene unali wotsiriza mwa migodi yakuya ya malasha m'Germany, unatsekedwa. Anchito anaturuka pansi ndi mbulu womariza wa malasha naupereka m'manja mwa Pulezidenti Frank-Walter Steinmeier. Tsiku limenelo Zollverein anali atatha zaka 32 osakweza malasha, koma zipata zace zinali zotsegula, ndipo anthu anali kulowa ndi kuturuka. Cimene cinapulumutsa malowo cinacitika m'masiku ocepa a December, 1986, makina asanazime, pamene anthu ena anaima nanena kuti nyumbazo zisagwetsedwe. Mzinda wa mgodi umene ufuna kudzakhala ndi cooneka mawa uyenera kuganiza za nsanja zace, nyimbo zace ndi mbiri ya anchito ace pamene mgodi ulikugwirabe nchito, pakuti nsanja ikagulitsidwa kwa ogula zitsulo siibweranso.