Kodi buku la masamu lingakhale la chipembedzo?

M'nyumba zambiri za Asilamu kuno kunyanja muli malo amodzi amene mwana sagwirapo mwachisawawa. Malowa ndi pamwamba pa kabati, pamene pamakhala Qur'an yokutidwa ndi kansalu, ndipo pambali pake timasanjapo mabuku ena amene timawatcha a Deen. Ambiri a ife tinawaonapo agogo akutola pepala la zilembo za Chiarabu, kulipukuta bwinobwino ndi kulisomeka kudenga, chonsecho ndi chikutiro cha tende. Sitikuwaseka ayi, poti ulemu womwewo ndiwo unatilera. Koma kodi chimene chimachititsa buku kukhala la chipembedzo n'chiyani?

Chiyankhulo sichingakhale yankho. Nthano za Alf Layla wa Layla zili m'Chiarabu, ndipo zina mwa izo simungawerenge pamaso pa apongozi. Akhristu a ku Egypt ndi Lebanon nawo amawerenga Baibulo m'Chiarabu.

Qur'an tiyiike payokha, pakuti ndi mawu a Allah ndipo ilibe inzake. Mabuku ena onse analembedwa ndi anthu, ndiye n'koyenera kufunsa kumene wolembayo anatunga. Imam Bukhari, amene anabadwira ku Bukhara m'chaka cha 810 namwalira mu 870, anatha zaka pafupifupi 16 akusanthula ma hadith a Mtumiki (SAW). Pa hadith iliyonse ankafufuza kuti anainena ndani, iyeyo anaimva kwa yani, ndipo ngati anthuwo anali okhulupirika. Kulemera kwa Sahih Bukhari kwagona pa mndandanda wa anthu umenewo, osati pa chikuto chagolide.

Mutu wa nkhani nawo ungatinamize. Imam Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anagawa Ihya Ulum al-Din m'zigawo 40, ndipo zina zimakamba za kadyedwe, ukwati, malonda ndi maulendo. Lero palibe amene amakayika kuti ndi buku la Deen. Komatu mu 1109 akuluakulu a mzinda wa Cordoba analitentha poyera, mwini wake akali moyo. Buku limodzi lomweli, ena kuliponya pamoto, ena kuliphunzitsa mumzikiti.

Tsono tifike pa buku limene latipangitsa kulemba nkhaniyi. Cha m'ma 820, mu ulamuliro wa Khalifa al-Ma'mun ku Baghdad, Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba buku la masamu. M'dzina la bukulo muli liwu loti al-jabr, ndipo n'kumene kunachokera algebra amene ana athu amalimbana naye kusekondale. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pafupifupi theka la bukulo likukamba za chuma cha masiye. Mwini wake ananena poyamba pomwe kuti walembera zosowa za anthu pa kugawa chuma chosiyidwa, pa milandu, pa malonda ndi pa kuyeza minda.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Surat an-Nisa, ndime 11, 12 ndi 176, inaika magawo a olowa m'chuma: theka, gawo limodzi mwa atatu, mwa anayi, mwa asanu ndi limodzi, mwa asanu ndi atatu. Tiyerekeze kuti bambo wamwalira, makolo ake anatsogola kale, ndipo wasiya mkazi, mwana wamwamuna ndi wamkazi. Atagulitsa boti ndi maukonde n'kubweza ngongole, patsala K240,000. Mayi alandira K30,000, mnyamata K140,000, mtsikana K70,000. Apa zala zikwanira. Koma bwanji ngati malemuyo analamula kuti mwana wa mlongo wake, amene anamulera, apatsidwe gawo lofanana ndi la mtsikanayo? Gawo la mtsikana silidziwika mpaka titachotsa la muphwayo, ndipo la muphwayo silidziwika mpaka titadziwa la mtsikana. Pamwamba pa izo, wasiya sayenera kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chonse. Mfundo zomangana ngati zimenezi ndizo al-Khwarizmi anamasula, ndipo tikudziwa mabanja amene abale sapatsana moni mpaka lero kaamba ka mfundo zomwezi.

Ndiye tiliike pati bukuli? Ife tikuona kuti gawo la chuma cha masiye ndi la Deen ndithu, chifukwa malamulo ake akuchokera mu Qur'an ndi Sunnah, ndipo cholinga chake n'chakuti wamasiye asadyeredwe. Masamu enieniwo si chivumbulutso. Mwalimu atapeza pamene wolemba anaphonya, akonze popanda mantha. Zomwezi tinganene za mabuku a Fiqh amene timawalemekeza, ngakhale kuti ena safuna kumva zimenezi.

Mu 1145 Mngelezi wina, Robert of Chester, anamasulira bukuli m'Chilatini ali ku Spain. Anatenga gawo loyamba la malamulo a algebra, koma gawo lonse la chuma cha masiye analisiya. Choncho ophunzira a ku Ulaya amene anawerenga kumasulira kwakeko analidziwa ngati buku la masamu basi.