Mankhwala a khansa obisidwa m'timipira tosaoneka ndi maso

Mwina ku Namitete, Nsaru kapena Kabudula munaonapo munthu wotupa miyendo, ali ndi zigamba zakuda zolimba pakhungu. Anthu amathamangira kunena kuti waponda mankhwala. Komatu zizindikiro zotere zimatha kukhala za khansa ya Kaposi sarcoma, yomwe imakonda kugwira anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chafooka ndi kachirombo ka HIV.

Kodi mukudziwa kuti khansa imeneyi inathandiza kubweretsa njira yatsopano yoperekera mankhwala? Mankhwala a doxorubicin amapha khansa, koma amathanso kuononga mtima. Choncho akatswiri anawakulunga m'timipira tamafuta tating'onoting'ono, toti mutandandalika pafupifupi 1,000 m'pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timipirati timayenda m'magazi n'kukaunjikana pa chotupa, pomwe mitsempha imakhala yochucha. Mu 1995 dziko la America linavomereza mankhwalawa, otchedwa Doxil, kwa odwala Edzi amene ali ndi Kaposi sarcoma.

Ku ubongo nkhani ndi ina. Mitsempha yake ili ngati mpanda wothithikana umene umatsekereza tizirombo, koma tsoka lake umatsekerezanso mankhwala ambiri a khansa. Mu 2015 madokotala a chipatala cha Sunnybrook ku Toronto, m'dziko la Canada, anabaya wodwala chotupa cha mu ubongo mankhwala omwewa pamodzi ndi tithovu tampweya. Kenako analunjikitsa pachotupapo mafunde a ultrasound, a mtundu womwe uja amaunikira amayi oyembekezera. Tithovu tija tinanjenjemera, mpanda unatseguka kwa maola ochepa, mankhwala n'kupeza polowera. Njirayi idakali pa kafukufuku, ndiye tisafulumire kuomba m'manja.

Nanga kuno kwathu? Kafukufuku amene Malawi anatengako mbali, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anapeza kuti mankhwala a paclitaxel pamodzi ndi ma ARV amathandiza odwala Kaposi sarcoma yofalikira kuposa mankhwala ena awiri amene anayesedwa nawo. Zigamba zikadali zochepa, ma ARV okha nthawi zina amazichepetsa. Mnzanu wa mukalabu akaona zigamba pamwendo kapena m'kamwa, m'perekezeni msanga ku St Gabriel's kapena ku chipatala cha Kabudula akayezedwe magazi. Akafunika mankhwala a khansa, adokotala amutumiza ku Kamuzu Central.