Dzino la Kambuku labwerera m'malo

Mukanamuona Kambuku m'mawa umenewo, mukanagwira pakamwa. Galu amene anyani a m'nkhalango ya Ntchisi amamudziwa bwino anatulukira m'munda akuyenda mozyolika, dovu la magazi lili chuchuchu, dzino lake lalitali lakumwamba litapendekera kunja ngati mtengo wa mpanda wogwa ndi mphepo. Anali atalimbana ndi nguluwe usiku. Ndinamuponyera mkute, anangonunkhiza n'kukagona kuseri kwa nkhokwe.

"Mphwanga, tingolizula basi," anatero amalume. "Galu ali ndi mano 42, limodzi n'chiyani?"

"Ayi amalume, limeneli ndi limene limatilondera chimanga."

Tsiku lomwelo ndinamukulunga m'thumba, ulendo wa ku Lilongwe kudzera pa Mponela, anthu m'galimoto akutiyang'ana modabwa.

Dokotala wa ziweto anamugonetsa ndi jakisoni n'kujambula nsagwada. Mwayi wake, muzu sunathyoke. Anakankhira dzinolo m'dzenje lake pang'onopang'ono, anasoka nkhama, kenako analimangirira ku mano anzake ndi waya ndi phala louma gwa. Anandionetsa pa chithunzi kuti muzu wa dzino limeneli ndi wautali kuposa mbali imene timaiona, ndipo umagwirana ndi fupa kudzera mu timinyewa tating'onoting'ono. Timeneti timalumikizananso dzino likabwezeredwa msanga. Mukachedwa timafa, muzu n'kuyamba kudyeka. Koma mtsempha wa m'kati mwa dzino nthawi zambiri supulumuka, chifukwa magazi amadukira kunsonga kwa muzu. Zinaterodi: dzinolo linayamba kutuwa, ndipo tsiku lochotsa waya anayeretsa m'kati mwake n'kumatamo.

Milungu 6 yonse Kambuku ankadya phala la mgaiwa la usipa wosinja, ine ndikumutsuka m'kamwa madzulo alionse, iye akundiyang'ana ngati mwana wodwala. Nthiti zinkawerengeka.

Bwerani mudzamuone lero! Nkhama zafiira bwino, dzino laima chilili, ubweya ukuchita kunyezimira. Akayasamula padzuwa, ana amaitanizana kudzaona. Sabata yatha anyani atatsika phiri kulondola chimanga, ndinangomva kuuwa kumodzi, gulu lonse balala kubwerera m'mitengo. Ndinaseka mpaka misozi.

Amalume anali chikhalire pakhonde. Anang'amba nthuli ya mbuzi m'mbale mwawo, n'kuitana okha: "Kambuku, bwera kuno, mwamuna iwe!"