Lendi Ikadya Ufa wa Ana

Mwezi ukamatha, m'mabanja ambiri a mu Lusaka mumabuka funso limodzi: tiyambe kulipira lendi kapena kugula thumba la ufa? Kawirikawiri lendi ndiyo imapambana, pakuti njala munthu amaipirira masiku angapo, koma mwininyumba sadikira.

Ife acikulire tikumbukira caka ca 1996, pamene boma la a Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo kwa anthu amene anali kukhalamo. Mabanja a ku Matero, Chilenje ndi Libala anakondwera, ndipo kunali koyenera kutero. Koma makhonsolo, ndalama za lendi zitaleka kulowa, sanamangenso nyumba zokwanira mbadwo wotsatira. Lero ambiri mwa ana a mabanja aja amacita lendi tizipinda ku Kanyama ndi ku Chawama, kumene madzi amalowa m'nyumba nthawi ya dzinja. Kolera wa mu 2023 ndi 2024 anasautsa kwambiri makomboni otere.

Bungwe la Ajezuiti la JCTR limawerengera mwezi ndi mwezi mtengo wa zinthu zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka. M'caka ca 2024 mtengowo unapitirira K10,000, ndalama zimene anchito ambiri sazilandira.

Kumanga nyumba zotsika mtengo ndi udindo wa boma ndi makhonsolo. Komabe ena a ife tili ndi tizipinda ta lendi kuseri kwa nyumba zimene tinagula motsika mtengo. Tisanakweze lendi, tiyambe tafunsa kuti wokhalamo amalandira zingati, ndiponso kuti ana ace adya kangati lero.