WOVULALA AFIKE PAMODZI NDI MBIRI YA NGOZI YAKE

Mpunga ukacha ku sikimu ya Likangala, msewu wopita ku Zomba umadzaza ndi njinga zosenza matumba, ndipo ngozi sizilephera. Mnyamata wagwa pa njinga yamoto, wamenyetsa mutu pansi, wakomoka pang'ono n'kutsitsimuka. Amene anaona ngoziyo abwerera kumunda, ndipo omunyamula kupita naye kuchipatala ndi anthu ena. Namwino akafunsa kuti, "Kodi anakomoka?" onse amangoyang'anana.

Funso limeneli si lachabe. Munthu amene wakomoka n'kudzukanso akhoza kukhala kuti akutaya magazi m'kati mwa chigaza, ndipo amatha kulankhula bwinobwino kwa maola angapo asanafooke. Namwino akauzidwa zimenezi amamutumiza msanga kuchipatala chachikulu cha Zomba. Akapanda kuuzidwa, chooneka ndi bala la pakhungu lokha.

N'chifukwa chake ogwira ntchito zachipatala amaphunzira kupatsirana wodwala mwa kuyeserera. Amagoneka pa machira chidole chachikulu ngati munthu, kapena mmodzi wa iwo amadziyesa wovulala. Wopereka wodwalayo amafotokoza mwachidule, anzake ali chete: zaka zake, nthawi ya ngozi, chimene chinachitika, pamene wavulala, kapumidwe ndi kagundidwe ka mtima, ndiponso thandizo limene walandira kale. Wolandira amabwereza zimene wamva. Pomaliza amakhala pansi n'kukumbutsana zimene zinaiwalika, pakuti kulakwitsa pa chidole sikuika munthu m'manda.

Maphunziro otere si achilendo m'Malawi muno. Njira ya ETAT, yozindikirira msanga ana odwalitsa kuti athandizidwe poyamba, inakhwimira pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo bungwe la WHO linaisindikiza m'chaka cha 2005 kuti maiko ena aitsate.

Komabe mbiri ya ngozi imayambira kumudzi. Mmodzi mwa amene anaona ngozi ayenera kupita nawo kuchipatala. Akumbukire nthawi, anene ngati wovulalayo anakomoka kapena kusanza, ndipo asabise mankhwala achikuda kapena mowa umene wamwa. Ngati anam'manga chingwe poletsa magazi, anene nthawi imene anamangira. Wovulala asapatsidwe chakudya kapena madzi, chifukwa mwina adzafunika opaleshoni. Kabuku kake ka kuchipatala kasatsale, ndipo akatumizidwa ku Zomba, woperekeza yemweyo apite naye, kalata ili m'manja.