Mipata Yosaoneka m'Zolembedwa za XML

Mnyamata wina amene ndimagwira naye ntchito yokonza mabuku anadza kwa ine nkhope ili yakugwa, nandifunsa chifukwa chimene kompyuta inawerengera ndime yake ngati ili ndi mawu, pamene m'maso mwathu inali yopanda kanthu. Ndipo ndiyenera kuvomera kuti inenso ndinakhala nthawi yaitali mumdima womwewo, poyesa kuti pamene palibe chilembo palibenso kanthu.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. M'zolembedwa za XML, zimene bungwe la W3C linakhazikitsa mu 1998, mpata wapakati pa mawu, tabu, ndi zizindikiro ziwiri zodulira mzere, zinayi zonsezi makina amaziwerenga monga ife tiwerengera zilembo, kotero kuti munthu akasiya malo pofuna kuti cholembedwa chioneke bwino, amakhala wathira mankhusu m'chimanga. Chilankhulo chosandulira zolembedwazi, XSLT, chili ndi lichero lake: lamulo la normalize-space limachotsa mipata ya kuchiyambi ndi kumapeto, ndipo pakapanda kutsala kanthu tidziwa kuti munali mankhusu okhaokha, pamene xsl:strip-space limataya zigawo za mipata yokhayokha ntchito isanayambe.

Apa mpamene ndinamuchenjeza mnyamatayo kuti asapete ndi mphamvu, pakuti mpata umene uli pakati pa liwu la zilembo zakuda kwambiri ndi liwu lopendekera nawonso ndi chigawo cha mpata wokhawokha, ndipo ukatayidwa mawu awiriwo amamatana nakhala liwu limodzi losamveka. Tinagwirizana kuti m'ndime zonse za nkhani tiike xsl:preserve-space, lichero ligwire pa mindandanda pokha.