Nkhokwe yodzaza chimanga siyokwanira kukuza mwana

Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Kupinimbira si kufupika kwakumtundu ayi. Ndi chizindikiro chakuti thupi ndi ubongo zinasowa chakudya choyenera m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo zimene zawonongeka nthawi imeneyi n'zovuta kuzikonza. Chiwerengerochi chinapezeka patatha zaka khumi boma likuthira ndalama zankhaninkhani m'ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, imene inayamba mu 2005 ngati FISP n'kudzasanduka AIP mu 2020. Ngati cholinga cha ulimi ndi kudyetsa mtundu, ndondomeko zathu ziyenera kuyesedwa ndi kakulidwe ka ana, osati matumba a chimanga okha.

Nsima imapatsa mphamvu, koma tikakonola chimanga n'kupanga ufa woyera, michere yambiri imapitira m'gaga. Mwana ali ndi kamimba kakang'ono, choncho phala lamadzimadzi la ufa wokhawokha limamukhutitsa asanapeze zomanga thupi, ayironi wowonjezera magazi ndi vitamini A woteteza maso. N'chifukwa chake kusikelo amayi amaphunzitsidwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Koma phunziro la kusikelo limatsutsana ndi zochitika kumunda. Thandizo lalikulu la boma ndi feteleza wa chimanga, ndipo mlimi wa kamunda kochepa amadzala chimene chili ndi thandizo. Kumuuza mayi kuti adyetse mwana zakasinthasintha pamene ndondomeko ikumukankhira ku mbewu imodzi n'kumulakwira.

Njira ina ilipo ndipo inayesedwa. Ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, alimi ndi ogwira ntchito pachipatala anayamba mu 2000 kulima nandolo, mtedza ndi soya mosakaniza kapena mosinthana ndi chimanga, uku akukambirana za kadyetsedwe ka ana ndi kugawana ntchito pakati pa abambo ndi amayi. Mizu ya nandolo, mtedza ndi soya ili ndi timatuza tosunga tizilombo timene timakoka nayitirojeni mumpweya, ndipo masangwi ake akakwiriridwa amabwezera chonde m'nthaka. Ofufuza anapeza kuti ana a m'midzi imene inakhalitsa m'ntchitoyi ankakwera bwino sikelo.

Ena amati munthu wanjala sasankha ndiwo, tiyambe tapeza chimanga chokwanira. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo kuchotsa thandizo la feteleza mwadzidzidzi kungapweteke osauka. Komabe kudalira chimanga chokha ndiko kumakulitsa njalayo. Mu 2024 ng'amba inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, chifukwa mvula ikadula chimanga chikumasula, feteleza yense amapita pachabe, pamene mapira, mawere, chinangwa ndi mbatata zimapirirako. Enanso amakumbutsa za 2017, pamene dziko la India linachepetsa nandolo wogula kunja ndipo mtengo unagweratu. Izi n'zoona, koma zikuonetsa kuti mlimi asasiyidwe yekha m'manja mwa mavenda ndi msika umodzi wakunja. Phala la kusukulu, chakudya cha m'zipatala ndi m'ndende zitagulidwa kwa magulu a alimi a m'deralo, msika wodalirika ungapezeke pakhomo pomwe.

Chofunika ndi kugawa mwachilungamo ndalama zomwe zilipo kale: gawo lina lipite ku mbewu za nyemba, mbatata yofiira mkati, ziweto zazing'ono, ulimi wamthirira, kasungidwe koteteza mtedza ku chuku, ndi alangizi ofikadi kumudzi. Aphungu akamakambirana bajeti ya zaulimi, afunse kuti ndalamazo zichepetsa bwanji kupinimbira, ndipo Unduna wa Zaulimi uziyankha funsoli limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo.